Mawu anu enieni ndi ati, Amayi?

Amayi,

Kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Mlonyeni tilipo, koma ine sabata ino mtima sunakhale pansi. Kalatayi ndaiyamba, n'kuisiya, n'kupita kudimba, n'kubwerako osathirira n'komwe. Mukanakhalapo mukanati, "Esinati, takhala pansi, ukundizunguza mutu."

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa mchimwene wanga Chikondi anachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Pakulira pokha palibe womuposa m'mudzi muno. Mtedza wachita bwino chaka chino. Bambo ali bwino, kupatula bondo lija. Chiliza chanu amisiri amaliza, ndipo mwambo wake ndi Loweruka likubwerali.

Chandisowetsa mtendere ndi mawu anu. Mukukumbuka tsiku lija aphunzitsi a kwaya anakujambulani pakhonde ndi kamakina kawo, mukuimba uku mukuswa mtedza? Nyimbo imeneyo ndi yokhayo tili nayo. Inadutsa m'mafoni ndi m'makompyuta a anthu ambiri isanafike m'foni yanga, ndipo chichokereni inu ndimaimvera tsiku lililonse. Mawu okwera, amphamvu, ngati a munthu woti sanadwalepo.

Tinagwirizana zoti tidzaiyimbe pa chiliza, ndiye Chikondi anabwereka sipika yaikulu yolowetsa memori khadi kuti tiyese. Amayi, munatuluka wina! Nyimbo yomweyo, koma yochedwa, mawu otsika, kupuma kwanu kukumveka. Ine ndinati sipikayo ndi yakufa. Chikondi anati ayi, ndi mmene munkaimbira. Tinakangana zedi, mpaka ndinamuuza kuti iye ankangokhala ku boma, akudziwa chiyani. 

Kutacha ndinakwera kabaza mpaka ku boda, kwa a Zulu amene amaikira madalaivala a mathiraki nyimbo m'mamemori khadi. Anandiuza kuti makina akamajambula amadula mawu tizidutswa tating'onoting'ono, masauzande ambiri pa sekondi iliyonse. Ndiye m'kati mwa nyimbo muli kalebulo kobisika, ngati kaja ka pathumba la mbewu, kouza makina kuti atulutse tizidutswa tingati pa sekondi. Kalebuloko kakanena nambala yokwera kuposa yoona, nyimbo imathamanga ndipo mawu amakwera. Foni yanga imamvera kalebulo. Sipika ija sikawerenga, imangoyenda pa liwiro lake lomwe inabadwa nalo. Anati mwina wina anakasintha posamutsa nyimboyo, mwinanso kali bwinobwino ndipo yolakwa ndi sipika.

Kukonza n'kosavuta, anatero, koma ndinene ineyo kuti mawu oona ndi ati, poti iwo sanakumveni mukuimba. Aphunzitsi aja anasamutsidwa kalekale, kamakina kawo sitikudziwa kuti kali kuti.

Anandiimbira zonse ziwiri, kubwereza ndi kubwereza. Amayi, ndinalephera. Ine mwana wanu, amene munandikalipira ndi kundiimbira moyo wanga wonse, sindinathe kuzindikira mawu anu enieni. Ndinachita manyazi, kenako mantha. Nkhope yanu ili pa chithunzi, koma mawu ndikawataya ndikawafunsa kwa ndani?

Thiraki ina itayamba kuliza huta panja, a Zulu anachedwa kuimitsa nyimbo, ndipo inapitirira mpaka kumapeto. Ine ndinali ndisanafikeko, chifukwa mukangomaliza kuimba ndimabwezera poyamba. Kumapetoko kuli bambo, akufuula ali kukhola: "Nabanda, chingwe cha mbuzi mwaika kuti?"

Bambo ndiye tili nawo, ndimawamva m'mawa uliwonse. Pa liwiro la foni yanga akumveka ngati mnyamata wofunsira. Pa liwiro la sipika ndi bambo enieni, ndi kudandaula kwawo komwe.

Choncho Chikondi ndiye ankanena zoona. Inu ndinu wochedwa uja, wopuma movutikira uja. Tsiku limenelo munali mutayamba kale kudwala, ndipo munkatiuza kuti ndi fumbi la mtedza. Munkakonda kunena kuti, "Ndikadwala ndidzakuuzani ndekha." Simunatiuze, Amayi. Ndakwiya nanu, ndipo ndakulirani mwatsopano pa kabaza njira yonse yobwerera, mpaka wopalasa anafunsa ngati kwagwa zovuta.

A Zulu akonza kalebulo kaja. Chikondi ndamupepesa, ndipo anangondipatsa mwana kuti ndimunyamule. Loweruka anthu akamva inu weniweni, ndi kupuma kwanu konse, ndalonjeza ndipo sindisintha.

Koma ndisakunamizeni. Yothamanga ija sindinaifufute. Chala ndinaikapo, chinakana. Mundipatse nthawi pang'ono. Ndiziphunzira mawu anu enieni m'mawa uliwonse mpaka khutu liwazolowere, ndipo tsiku limene mdzukulu wanuyu adzafunse kuti agogo ankaimba bwanji, ndidzamuimbira yoonayo.

Ndimakukondani, ndi mawu otopawo,

Mwana wanu,
Esinati