Kafukufuku Wanga Ali M'kabati

Lolemba, 3 Malichi

Kamwetu anali pa wailesi m'mawa. Kamwetu yemweyo amene tinapita naye limodzi kusukulu ya kafukufuku wa zaumoyo, amene ndinkamuthandiza masamu mpaka mutu kuwawa. Unduna wavomera zimene anapeza: odwala BP azilandira mankhwala a miyezi itatu nthawi imodzi, osati kumabwera kuchipatala mwezi ndi mwezi. Ndinazimitsa wailesi. Nsanje ndili nayo, ndibisirenji, buku lino silikauza munthu.

Lachiwiri, 4 Malichi

Wanga kafukufuku ali m'kabati ya mu wodi, pansi pa mabokosi a magolovesi. Ndinapeza kuti ana obadwa masiku asanakwane amafika kuno atazizira chifukwa mu ambulansi amawagoneka paokha. Amene anabwera ali pachifuwa cha mayi awo, ambiri anapulumuka. Ku unduna ndinatumiza chaka chatha. Mpaka lero zii.

Lachitatu, 5 Malichi

M'chipinda cha tiyi nkhani ndi Kamwetu basi. Adokotala aakulu akuti, "Mwana uja watichotsa manyazi." Mwana? Ndi wamkulu kwa ine ameneyo.

Kenako analowa mwini wake, mano onse pamtunda monga mwa nthawi zonse. Akuti, "Achemwali, Lolemba ndikukalankhula ku komiti ya unduna. Tiyeni limodzi, ndikakugawirani nthawi yanga mukafotokoze za ana aja." Ndinati ndatanganidwa. Ine ndidye makombo a Kamwetu?

Lachinayi, 6 Malichi

Amayi nawonso. Abwera kuchokera kuchipatala atanyamula mankhwala awo a BP ngati alandira mphoto. "Mpaka Juni sindikweranso basi. Mnzako uja ndiye anaphunziradi." Ndiye ine ndinapita kukasewera?

Lachisanu, 7 Malichi

Ambulansi inabwera masana ndi kamwana kobadwa pa miyezi isanu ndi iwiri. Mayi ake anawakhazika kutsogolo, kamwanako kumbuyo m'katoni, atakakulunga thaulo. Namwino woperekeza sanalakwe, anatsata malamulo alipowa. Nditakagwira, mapazi anali ozizira ngati madzi a mumtsuko. Tinayesetsa. Sikanafike madzulo.

Mayiyo anandifunsa ngati walakwitsa china chake. Ndinati ayi. Kabati ija ili pafupi ndi bedi lomwe anakhalapo, ndipo sindinathe kuyang'anako.

Loweruka, 8 Malichi

Ndinalemba nambala ya Kamwetu pafoni, ndinafufuta. Ndinachapa makatani oyera kale.

Lamulungu, 9 Malichi

Amayi anagwira nkhuku, akuti ndikapereke kwa "dokotala uja" ngati zikomo. Ndinanyamula nkhuku kudzanja lino, mapepala anga kudzanja linalo. Pageti pake ndinaima nthawi yaitali, mpaka nkhuku inandiulula.

Anatuluka ali ndi thovu la sopo m'manja. Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa. Ndinangoti, "Za mawa zija, kodi malo akadalipo?"

Akuti, "Dzina lanu ndinalembetsa Lachitatu lomwe lija, achemwali. Ndinadziwa kuti mubwera."

Ndinafuna kumumenya nayo nkhukuyo. Ngakhale pa mtima wabwino andiposenso?

Adzanditenga m'mawa, pa galimoto yake yatsopano. Ndasita diresi la buluu, ndipo ndikubwereza mawu anga mokweza kukhitchini. Amayi akumvetsera, aleka ndi kusenda mbatata komwe.