Chithunzi cha Tsiku la Katemera

Esiteti ya Tiyi,
Thyolo.
14 Ogasiti 1936

Okondedwa achemwali a Lestina,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Mphuka. Ine kuno ndikudzuka, koma chifuwa chandigwira chifukwa cha fumbi la mapepala.

Abwana a esiteti akufuna buku la mbiri ya malemu dokotala wachizungu uja tinkamutcha Bwana Kwinini, ndiye andituma ine kalaliki kusanthula mabokosi ake kuchipatala. Chiswe chinayamba kale kuwerenga, chandisiyira zochepa.

Achemwali, ntchitoyi ndinailandira mtima uli m'mwamba. Mukudziwa zija ankandinena anthu kumalayini a antchito chifukwa cha kuyera kwanga, zoti ndine mwana wa dokotalayo. Ndinkaseka nawo, koma m'kati zinkandidya. Bokosi lililonse ndinkatsekula ndikuopa kupezamo umboni wake.

Lachiwiri ndinapeza zithunzi. Kuseri kwa china dokotala analemba yekha kuti, "Sabata yanga yoyamba m'dziko lino, katemera wa nthomba." Anthu ali pamzere pansi pa m'bawa. Wachitatu ndi mayi wa mphini pamasaya, atagwira dzanja kamwana koyenda kale, koyera, kakukwinya nkhope.

Ndinathamangira kwa mayi Anesi, amene akhala akuchapa m'chipatalamo chitsegulireni.

"Amayi, awa mukuwadziwa?"

Anayang'ana, nkuseka. "Iii, Stafford, si amako awa? Kolirakolira aka ndiwe. Unamuluma chala mzunguyo. Achipewawa ndi abambo ako, taona makutu!"

Ndinagwira chipsera cha katemera pamkono panga, kenaka makutu anga. Inu mumandiseka kuti ndi malichero, lero ndikuwanyadira. Dokotalayo anatsika sitima ine ndikuyenda kale, ndiye angandibereke bwanji! Ndinakhala pansi m'chipinda chochapiramo nkulira ngati kamwana ka pachithunzipo, ndipo mtima unakhala m'malo.

Mbiri ya dokotala ikuyenda bwino tsopano. Anali munthu wabwino, ndipo ndikutha kulemba zimenezi dzanja lisakulemera.

Amayi musawauze zonsezi, chonde. Mungowapatsa moni, muwauze kuti anali chiphadzuwa. Alamu ndi ana muwapatse moni. Koma abambo muwapeze ali okha, muwagwire dzanja m'malo mwanga, muwauze kuti mwana wawo akubwera pa Khirisimasi kudzafolera nyumba ija akhala akundiitanira.

Ndine mlongo wanu,
Stafford, mwana wa a Fabiano