Foda ya Achimwene Ikukana Kufufutika

Lachitatu, pa 9 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kutupa. Ine ndili bwino, kudya ndikudya. Musadabwe kuti ndalemba pamanja ngati munthu wakale pomwe ndimakhalira makompyuta tsiku lonse. Chifukwa chake muchimva.

Paja achimwene atatisiya, abwana anandipatsa mpando wawo, poti achimwenewo ndi amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Kuno aliyense ali ndi foda yake, ngati kabati yosungiramo zinthu, koma mafoda onsewo amakhala m'makina amodzi otchedwa seva, m'kachipinda kozizira kuseri kwa masitepe. Munthu akhale pa kompyuta iliyonse, akalowa amapeza zake.

Sabata yatha seva inadzaza, anthu n'kumalephera kusunga ntchito. Abwana anaima pakhomo panga, maso ali kumbali.

"Pepani mayi, foda ya malemu ija ichoke pofika Lachisanu la sabata yamawa. Ikudya malo."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Mulibe chachilendo m'menemo, Amayi: zithunzi za mawaya, nyimbo zawo zosokosa zija, ntchito zosamaliza. Koma ndi chinthu chokhacho chimene chikadali monga anachisiyira.

Lolemba masana, anzanga atapita kokadya, ndinalimba mtima n'kufufuta. Makina anakana, ati fayilo ina ndi yotsegula, mwini wake akuigwiritsa ntchito. Ndinaseka ndekha. Mwini wake utiyo? Ndinaganiza kuti kompyuta yawo yakale inatsala yoyaka penapake, poti zimachitika. Ndinakaipeza m'chipinda chosungira katundu, ili fumbi lokhalokha, yopanda ndi waya yemwe. Ndinazimitsa seva, kuyatsanso, kufufutanso. Fayilo inachoka, n'kubwerera pompo ndi dzina lina la manambala okhaokha.

Apo m'pamene ndinakumbukira zimene achimwene ankakonda kunena: "Iwe, seva sidziwa dzina la munthu, imadziwa nambala." Mwambo wa pa ofesi pano ndi wakuti wolowa pa mpando amatenga nambala ya amene wachokapo, kuti zitseko zonse zimutsegukire osavutika. Ndiye kuti kwa seva, ine ndi achimwene ndi munthu mmodzi.

Mtima unakhalako pansi pang'ono. Koma fayilo imeneyo ine sindinaitsegulepo. Ndinalamula seva kuti itulutse amene waigwirayo, kaya ndi ndani. Kompyuta yanga inangoti thi! Nditalowanso, moni wa pamwamba unali wa dzina la achimwene, ndipo nyimbo ija ankaiyika akamalumikiza mawaya inayamba yokha, chapansipansi.

Nthawi yomweyo mayi wa kumaakaunti anasuzumira.

"A Mawaya, pirinta yakananso," anatero, kundiitana ndi dzina lija ankawaitanira achimwene pa ofesi pano, kenako anagwira pakamwa. "Ayi, pepa mwana wanga. Mmene wakhaliramo, mwendo uli pampando, ndimayesa..."

Ine sindikhala choncho, Amayi, inu mukudziwa. Amene munkawakalipira za kakhalidwe kameneko ndi achimwene. Ndinayang'ana pansi, mwendo unalidi pampando.

Njira yokonzera ilipo, ndipo si yovuta: kudzipatsa nambala yatsopano, n'kufufuta yakaleyo pamodzi ndi zonse zake. Dzulo ndinakonza zonse, kutsala kudina batani limodzi, koma sindinadine. Ndikuopa kuwataya kachiwiri, ulendo uno ndi dzanja langa lomwe. Ndikuopanso kuwasunga. Kodi Lamlungu lija pa foni, nditangoti "halo" inu n'kukhala chete, kenako mukuti netiweki ikuvuta, inalidi netiweki?

Ndiye mwaona chimene ndalembera pamanja. Chilichonse ndingatayipe pano chikusungidwa m'dzina lawo. Ngakhale panopa ndikuyang'anitsitsa kalembedwe kangaka kuti ndione ngati kakadali kanga, sindifuna kunama.

Kalatayi ndipatsira wa basi kuti ikupezeni mawa. Mupereke moni kwa alamu ndi ana, koma izi musawauze, angoyamba kumene kugona tulo. Mundiimbire Lachisanu lisanafike, mundiuze ngati ndidine kapena ayi, poti mwana anali wanu. Foni ikangolumikizika, musadikire kuti ndiyambe ndine kulankhula. Mundiitane ndi dzina lija munkandiitana ndili wamng'ono, ndipo mumvetsere bwino amene ayankhe.

Ndine mwana wanu wamkazi,
wotsalayo.