Kambuzi Wakana Mapiritsi

Okondedwa achemwali,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno ku Malindi tilipo, kungoti amayi mawondo akuwavutabe.

Mphaka wanu Kambuzi waonda ndi njoka za m'mimba. Piritsi ndinalibisa m'kati mwa usipa, iye anadya usipawo n'kulavulira piritsilo pamphasa. Nditaliperera m'phala, anangonunkhiza n'kuchokapo. Alangizi a ziweto anandipatsa mankhwala amadzi odontheza kumbuyo kwa khosi, koma apo n'kuti akangondiona akuthawira padenga.

Dzana amayi anati nditsegule uthenga wa mawu uja munatumiza pa Idi, womwe munamaliza ndi kuitana kuti, "Kambuzi, bwera mwanawe!" Anatsika padenga chothamanga n'kuyamba kukufunani kuseri kwa foni. Ndinamudonthezera mankhwalawo iye osandikanda n'komwe. Kenako anakagona pakhomo la chipinda chanu mpaka madzulo.

Mankhwalawa ngobwereza, choncho chonde tumizani uthenga wina. Koma muutalikitseko, achemwali, chifukwa amene amandipempha kawirikawiri kuti nditsegule wa pa Idi uja si mphaka ayi.

Allah akusungeni mpaka mudzabwere.

Ine mng'ono wanu,
Asiyatu