Akamadutsa Musamuitane

Amayi, kodi kwacha bwanji kumene muliko?

Kuno kutsidya la nyanja ku Maryhill ndi mvula yomwe ija yosadziwa nyengo. Kumudzi akuti chimanga chachita bwino, ndipo mkazi wa mwana wanu Limbani wabereka mwana wamkazi, amupatsa dzina lanu. Koma si zimenezi zikundisowetsa pokhala.

Ndi mdzukulu wanu Tadala, uja munkamuseka kuti mukamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingelezi cha m'mphuno. Anamaliza za uinjiniya n'kuphunziranso kuyendetsa ndege. Tsopano amusankha, iye ndi mnzake, kuti azungulire dziko lonse osatera paliponse, pa ndege yongoyesera imene sinaulukepo mtunda wotere. Anandionetsa pa foni. Mapiko ake ndi aatali, oonda ngati bango, akuti amapindika mphepo ikakula. Mkati monse ndi mafuta okhaokha, pokhala anthu m'pongokwana kupinda miyendo. Azigona mosinthana. Ndinamufunsa kuti nanga injini ikazima pakati pa nyanja, kapena onse awiri akawodzera, zitha bwanji. Anangoti zonse anaziwerengera. Ndamukwiyira, Amayi, ndikumunyadiranso, koma chachikulu ndi mantha. Ndikaweruka kuntchito ndimangoyenda m'mbali mwa ngalande ngati ndataya chinthu.

Ndinamukazingira mtedza wa kamba monga munkachitira inu. Anaubweza. Akuti chilichonse chokwera m'ndegemo amachiyeza pa sikelo, ngakhale tsitsi anameta.

Dzulo anandionetsa njira yawo pa mapu, ndipo mzere wake ukudutsa pamwamba pa Ntcheu. Mtima wanga unangoti myuu, chifukwa ndimakudziwani. Munthu sankadutsa pakhomo panu osaima. Ngakhale wa panjinga wothamangira kuchigayo munkamukuwira kuti, "Takhotani kaye, tikuoneni nkhope." Ndipo palibe ankakukanirani.

Amayi, ulendo uno wokha, musamuitane. Mukamva ndege ikulira m'mwambamo musati mwana wachita mwano. Ndege imeneyi ilibe pokhotera, akatsikira kwa inu ndiye kuti watsikiratu. Mulekeni adutse, inu mungomukankha kumsana.

Akakatera bwino ndibwera naye ndekha pa basi, ndikulonjeza. Tidzatsikira pa sitolo paja, ayende wapansi mpaka pamene munagona, agwade, mumuone nkhope mpaka mtima wanu ukhale pansi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati