Ndikusambitsa Atate a Eni

Leeds, Mangalande
9 Novembala

Achemwali anga a Zelesi,

Landirani moni wanga. Kaya muli bwanji kumeneko ku Nsipe, inu ndi alamu ndi ana? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno kwaposa kwa ku Biriwiri mwezi wa Juni. Koma za mumtima ndiye ayi.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni mawu amandithawa. Uthenga wanu wa Lamulungu ndaumvera kasanu. Munayamba ndi nthungululu mutaona chithunzi cha satifiketi ija, kuti mlongo wanu tsopano ndi kapitawo pa nyumba yosamalira okalamba. Kenako, ngati nkhani yaing'ono, munati Abambo atha masabata atatu osasamba ndipo kumsana kwatuluka zilonda. Achemwali, nthungululu ija inandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Sindikudzudzula munthu. Mkazi wanga Lufina wayesetsa. Chigwereni Abambo ndi sitiroko, iye ndi amene akuwaphikira phala ndi kuchapa zofunda, mpaka munda wa mbatatesi wamera tchire. Koma angawavule bwanji apongozi ake, munthu amene chikwatiwireni sanakhalepo nawo pa mphasa imodzi? Inunso ndinu mwana wamkazi, sizingatheke. Munati Abambo atamuona Lufina akulowa ndi beseni anakoka bulangete ndi dzanja lotsala lija n'kuyang'ana kukhoma, akuti ali ndi mwana wamwamuna, abwera adzawasambitse. Mwana wamwamunayo ndine, palibenso wina.

Mukudziwa chimene anandipatsira satifiketiyo? Kusambitsa nkhalamba. Eetu! Tsiku lililonse ndimasambitsa azibambo asanu ndi mmodzi, atate a eni. Ndimawameta ndevu, kuwadzoza mafuta, kuwatembenuza maola awiri alionse kuti khungu lisanyuke. Pamwambo bwana analengeza kuti m'chigawo changa chaka chonse simunapezeke chilonda ndi chimodzi chomwe, anthu n'kuwomba m'manja. Ine ndili chiimire nditamanga tayi, mano pamtunda ngati chitsiru.

Lolemba ndinakapempha tchuthi. Bwanayo anandimvera chisoni, koma anati mapepala anga ali ku boma kuti awonjezere nthawi, ndipo ndikangotuluka m'dziko muno asanabwere, basi, khomo latsekeka, zaka zinayi zonse zalowa m'madzi. Tsiku lobwera salidziwa, mwina Malichi. Nditafika kunyumba ndinatsitsa chikwama, ndinaikamo malaya awiri. Kenako ndinakhala pabedi n'kuyamba kuganiza za sukulu ya mwana wanga Tawina ndi nyumba ija yaima pa mawindo. Malaya aja ndinawatulutsa. Ndikukuuzani zimenezi kuti mudziwe mtundu wa mlongo amene muli naye.

Ine ndinkati kupambana ndiko kukwera ndege, kutchedwa bwana, anthu pa msika azilozerana kuti uyo ndi mwana wa a Maynard. Zonsezo ndazipeza, ndipo palibe chikundikomera. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Abambo nawonso anapita ku migodi ya ku Joni, inde, koma atamva kuti agogo adwala anasiya ntchito pakati n'kubwera ndi sutikesi yopanda kanthu. Tinakula tikuchita manyazi kuti atate a anzathu anabwera ndi njinga ndi wailesi. Lero manyazi aja andibwerera ine.

Pempho langa ndi ili. Pitani ku Nzama kwa a Fabiano, msuweni wa Abambo uja anali naye ku migodi. Akadali ndi mphamvu, ndipo pachisuweni amasereulana, palibe chobisirana. Mukawagwadire m'malo mwanga. Madzi akhale ofunda, ayambe kumaso, zilonda azingozipukuta pang'onopang'ono ndi nsalu yoyera, osakhula. Komatu Abambo sangalole munthu wina kuwakhudza akadali kutchera khutu kumsewu minibasi iliyonse ikaima. Ndiye muyambe mwawauza zoona, kuti Chrispine sabwera chaka chino, asamudikire. Ndaimba kawiri kuti ndinene ndekha, koma ndikangomva kupuma kwawo pa foni ndimayamba kufunsa za mvula. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu wanga. Mundikhululukire.

Mupereke moni kwa alamu anga, kwa amalume a ku Biriwiri, ndi kwa azakhali. Lufina mumuuze kuti ndikudziwa kuti ndamulakwira. Tawina alimbikire sukulu, koma musamamulozerenso ine kuti atengere chitsanzo. Abambo musawapatse moni wanga tsiku lomwelo. Mudikire ayambe asamba.

Ndatha ine mlongo wanu,
Chrispine