Madishi Achoke Padenga Kapena Akhale

Msonkhano wa komiti ya eni nyumba, Nyumba Yosanja Nambala 9, Sidi Bishr, Alexandria

Tsiku: Lachisanu, 15 Januwale 2016, mapemphero a masana atatha
Malo: Pabalaza pa Wapampando
Opezekapo: Haji Abdel-Razek Mandour (Wapampando), Mayi Nagwa Halim (Msungichuma), Bambo Girgis Botros, Bambo Medhat Sallam, Wagdy Tadros (Mlembi)
Oitanidwa: Bambo Shehata, omwe amagawa kanema wa pachingwe m'dera lino
Osabwera: Dokotala Essam, osapepesa, mwa nthawi zonse

Mayi Tahani, akazi a Wapampando, analowa ndi tiyi ndipo sanatulukenso.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano m'dzina la Mulungu. Zolembedwa za mwezi watha zinavomerezedwa popanda woziwerenga.

2. Denga

A Girgis, omwe amakhala m'nyumba ya pamwamba penipeni, anati chimphepo cha kunyanja cha sabata yatha chinagwetsa madishi awiri a kanema, ndipo mvula ikulowera m'mabowo a misomali ya madishi mpaka pabedi pawo. Anati mmisiri wakana kumata denga madishi onse asanachoke.

3. Chingwe kapena dishi

A Shehata anati iwo amakoka waya mmodzi kuchokera padenga lawo kukafika m'nyumba iliyonse, pa mapaundi makumi atatu pamwezi. Anati mphepo ikavuta, wokwera kukakonza ndi iwo, komanso mpira wonse ulipo. A Medhat anaomba m'manja pa mawu akuti mpira, ndipo anauzidwa kuti adikire nthawi yovota.

Mayi Nagwa anati dishi umagula kamodzi ndipo umaonera zomwe ukufuna, pomwe pachingwe umadya zomwe a Shehata aphika. Anakumbutsa komiti za tsiku lomwe mlamu wawo ankaonera sewero la mwezi wa Ramadani, pakati pake n'kutulukira kanema wa ukwati wa mphwawo wa a Shehata. A Shehata anati izo zinachitika kamodzi.

4. Dishi yoloza ku Ulaya

Mayi Tahani anapempha kulankhula. Wapampando anati iwo si membala. Mayi Nagwa anati pabalazapo ndi pawo, ndipo analoledwa.

Mayi Tahani anafunsa ngati pachingwepo pali kanema wachiarabu wa ku Italy yemwe mwana wawo Shorouk amawerengapo za nyengo. Komiti ikudziwa kuti Shorouk, mwana yekhayo wa banjali, anakwatiwa kunja bambo ake atakana, ndipo Wapampando analengeza pamaso pa tonsefe kuti alibe mwana. Chichokere, dzinali iwo salitchula.

A Shehata anati kanemayo alibe, chifukwa madishi awo onse analoza kwina. A Medhat anawonjeza kuti dishi yoloza ku Ulaya ili ndi mbiri ya makanema olaula, anthu aulemu sayionetsa. Kenaka anati, "Amake Shorouk, bwanji osangomuonera pafoni?"

"Maso ake ati, mwanawe?" anayankha Mayi Tahani. "Pafonipo amaoneka ngati nyerere. Pakanema ndimatha kuona ngati akudya bwino. Mukandichotsera dishiyo, ndiye kuti mwandichotseranso mwana kachiwiri."

Wapampando anati nkhani za m'banja sizili pa ndondomeko ya msonkhano.

A Shehata anati dishi yoloza kumeneko njovuta, kamphepo pang'ono chithunzi chathawa. Mayi Tahani anati yawo sinavutepo, ngakhale chimphepo chiwombe bwanji, pofika madzulo mwana amaoneka bwinobwino. Anati n'chisomo cha Mulungu.

A Girgis anati sakutsutsa chisomo, koma chisomocho chimavala nsapato zolemera. Anapitiriza motere, ndipo Mlembi walemba monga anamvera: "Mphepo ikangoleka, mayi inu mutapita kumsika, ndani amapondaponda pamutu panga ndi sipanala? Chifuwa cha a Haji ndimachidziwa ine, takhala nawo nyumba ino tsitsi likadali lakuda. Amaipotoza dishiyo, n'kutsika kukaona kanema, n'kukweranso. Munthu wodwala mawondo! Nanga denga lingalimbe choncho?"

Wapampando anati amakwera kukaona thanki ya madzi. A Girgis anati thanki ili mbali inayo. Mayi Tahani anakhala pansi, chikhalirecho anali ataimirira.

5. Voti

Ofuna chingwe: a Girgis ndi a Medhat. Ofuna madishi akhale: Mayi Nagwa ndi Mlembi. Mavoti atafanana, malamulo amapereka voti yomaliza kwa Wapampando.

Wapampando anati mnansi sangamagone ndi ndowa pabedi chifukwa cha kanema wa wina. Anavotera chingwe.

Chigamulo: madishi onse achoke padenga mwezi uno usanathe. A Shehata ayambe kukoka mawaya Lolemba.

Mayi Tahani anasonkhanitsa matambula a tiyi, ena asanamalize kumwa.

6. Zina ndi zina

A Medhat anadandaula za amphaka a pamasitepe. Nkhaniyi inasiyidwira msonkhano wina.

Wapampando anafunsa ngati chigamulocho chikuletsanso dishi ya pakhonde. Mlembi anati ayi, changotchula denga. A Shehata anasuzumira panja n'kunena kuti khonde la Wapampando lapenya kunyanja, dishi singagwire kanthu pamenepo. Anati khonde lokhalo loyenera ndi la a Girgis.

Wapampando, omwe Mlembi sanawamvepo akupempha kanthu kwa munthu m'nyumba ino, anatembenukira kwa a Girgis. "Achimwene, mungandibwereke kona imodzi?"

"Tengani, a Haji," anatero a Girgis. "Koma muzidzera pakhomo, muzigogoda ngati anthu, ndipo sipanala ndizigwira ine."

Popeza malamulo amafuna kuti chilichonse chomangidwa pakhoma chikhale ndi mwini wake, Mlembi anafunsa kuti dishiyo ailembe kuti ndi ya yani. Wapampando anayamba atsokomola.

"Lembani kuti ndi ya Shorouk Abdel-Razek. Mwana wanga."

Zalembedwa choncho.

7. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Lachisanu, pa 12 Febuluwale. Uno unatsekedwa nthawi ya 3:40 masana ndi Msungichuma, popeza Wapampando anali atatsatira akazi awo kukhitchini.

Wapampando: Abdel-Razek Mandour ____________

Mlembi: Wagdy Tadros ____________